Kukhala Maso: Mbiri ya Liwu Lakuti “Woke”

Tsiku lina madzulo, pa tchuthi cha sukulu, ndili chikhalire pakhonde kuyembekeza kuti nsima ipse, ndidamva adzukulu anga awiri akukangana kuseri kwa nyumba; ndipo ngakhale mkangano wawo udali wa m'Chichewa chothira Chingelezi apa ndi apo, monga umo achitira ana a masiku ano, padali liwu limodzi limene linkagwa mobwerezabwereza ngati munsi mumtondo, kotero kuti ndidaika pansi nyuzi yanga ndi kutchera khutu. Mnyamata, amene ali ku koleji, ankauza mlongo wake kuti aleke kudzionetsera kuti ndi “woke”. Mtsikana naye, osagwetsa nkhope, ankayankha kuti iye ndi “woke” ndithu, ndipo saonapo chochititsa manyazi. Nditawaitana kuti andimasulire, mtsikana adati, “Agogo, ameneyu ndi munthu wogalamuka, amene sangaone mnzake akuponderezedwa n'kukhala chete.” Mnyamata adati, “Iyayi agogo, asakunamizeni. Ameneyu ndi munthu wodziyesa wolungama, wongokhalira kutola anzake zifukwa.” Pa tanthauzo adatalikirana chotero ngati kum'mawa ndi kumadzulo, koma pa chinthu chimodzi adamvana, ndicho chakuti liwuli ndi la achinyamata, lobadwira pa intaneti dzanadzanali; ndipo apa ndi pamene adaphonya onse awiri, pakuti liwu limeneli ndi lalikulu kuposa atate awo, ndipo lidali kale m'kamwa mwa anthu ngakhale ine ndisanabadwe.

M'Chingelezi cha m'mabuku, chimene tidaphunzira ndi ndodo kusukulu, “woke” ndi mneni wamba wosimba zakale, wonena kuti munthu adadzuka kutulo, ndipo palibe chachilendo mwa iye. Koma anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo amene adawolotsedwa nyanja, ali ndi kayankhulidwe kawokawo, kokhala ndi malamulo ake, ngakhale aphunzitsi ambiri adakanyoza kwa nthawi yaitali kuti ndi Chingelezi chothyoka. Ndipo m'kayankhulidwe kameneko liwuli limanena za munthu amene ali maso tsopano lino, amene sadagone. Chotero wina akauza mnzake kuti “stay woke”, ndiye kuti akumuuza kuti akhalebe maso, asaodzere. Tsono chimene chidachititsa kuti mtundu wa anthu uzichenjezana za tulo chimaoneka bwino pa mlandu wa anyamata a ku Scottsboro.

Nthawi imeneyo inali ya usiwa waukulu ku America, pakuti chuma cha dzikolo chidali chitagwa mu 1929, mafakitale atatsekedwa, ndipo anyamata osawerengeka, oyera ndi akuda omwe, ankakwera mozemba sitima za katundu kunka nafunafuna ganyu m'mizinda. Pa 25 Malichi 1931, pa sitima ina yochokera ku Chattanooga kupita ku Memphis kudzera kumpoto kwa Alabama, padabuka ndewu pakati pa anyamata oyera ndi akuda. Oyerawo atagonja ndi kutsitsidwa, adakadandaula pa siteshoni, ndipo sitima itafika pa Paint Rock idapeza chikhamu cha amuna onyamula mfuti chikuidikira. Adagwirapo anyamata akuda asanu ndi anayi, ambiri a iwo osadziwana n'komwe, aang'ono mwa iwo a zaka ngati 13. Mmodzi, Olen Montgomery, adali pafupifupi wakhungu, ndipo wina, Willie Roberson, adali wodwala woyendera ndodo. Pa sitima yomweyo padali akazi awiri oyera, Victoria Price ndi Ruby Bates, amene adanena kuti anyamatawo adawagwirira. Ndipo kumwera kwa America masiku amenewo, mawu oterewa akatuluka pakamwa pa mkazi woyera, munthu wakuda ankawerengedwa ngati wakufa kale. Usiku womwewo anthu adazinga ndende ya ku Scottsboro kufuna kuwapha ndi manja awo, mpaka boma lidatumiza asilikali. Patangopita masiku 12 mlandu udalowa m'bwalo, oweruza onse ali oyera, ndipo pasanathe sabata anyamata asanu ndi atatu adagamulidwa kuti akafere pampando wa magetsi.

Mlanduwo udagwedeza dziko lonse, ndipo kawiri konse, mu 1932 ndi mu 1935, Khoti Lalikulu la America lidafafaniza zigamulo za ku Alabama, poyamba chifukwa anyamatawo sadapatsidwe owayankhulira oyenera, kachiwiri chifukwa anthu akuda ankatsekeredwa kunja kwa gulu la oweruza milandu. Mu 1933 Ruby Bates adaimirira m'bwalo ku Decatur ndi kuvomera kuti adanama, kuti palibe amene adamukhudza. Koma ngakhale zidatero, oweruza adagamulanso imfa, ndipo woweruza wamkulu James Horton, amene chikumbumtima chidamukaniza kusaina bodza loonekeratu, atakana chigamulocho adataya mpando wake pa chisankho cha chaka chotsatira.

Mu 1938 woimba wina wa ku Louisiana, Huddie Ledbetter, wodziwika ndi dzina lakuti Lead Belly, munthu woimba gitala ya nsambo 12, amene iye mwini adalawapo ndende za ku Texas ndi ku Louisiana ndipo ankadziwa kulemera kwa unyolo, adajambulitsa nyimbo yosimba za anyamatawa. Atamaliza kuimba adayankhulapo mawu ochepa, kulangiza anthu a mtundu wake kuti podutsa ku Alabama azisamala, akhale “woke”, maso ali otsegula. Apa ndi pamene ambiri ofufuza mbiri ya mawu amaloza chala kuti liwuli lidamveka poyera m'tanthauzo limeneli, ngakhale n'zachidziwikire kuti iye adangolitola pakamwa pa anthu, pakuti woimba salangiza anthu ndi liwu limene iwo salidziwa. Chofunika kuchisunga mumtima n'chakuti pamenepa padalibe kudzitama kulikonse, kapena dzina la chipani, kapena mbendera ya anthu ophunzira. Adali malangizo a munthu wamkulu kwa ana a mnzake, onena za moyo ndi imfa. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Lead Belly ankatsina khutu.

Ife a kuno malangizo otere sitingawaone achilendo. Amene adaperekezapo mbale wake pa Wenela mu Blantyre, malo amene mpaka lero asunga dzina la bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, akudziwa mmene mayi amagwirira mwana wake dzanja basi itatsala pang'ono kunyamuka, ndi kumuuza motsitsa mawu kuti akachenjere, asakayende usiku, asakayankhe aliyense mwamwano, pakuti kwa eni kulibe mkuwe. Mayi wotere akudziwa kuti kumene mwana akupitako kuli anthu amene angamuchite chipongwe popanda wowafunsa. Momwemonso anthu akuda a ku America adali ndi mwambo wonse wa kuchenjezana paulendo. Mu 1936 munthu wina wogawa makalata, wa ku Harlem mu New York, dzina lake Victor Green, adayamba kusindikiza kabuku kotchula mahotela, malo odyera ndi malo omwetsera mafuta kumene munthu wakuda angaime osathamangitsidwa, popeza kudali matauni ambiri kumene wakuda akapezeka dzuwa litalowa ankaika moyo wake pachiswe. Mu 1955 mayi Mamie Till a ku Chicago, potumiza mwana wawo Emmett, wa zaka 14, kukacheza kwa abale ku Mississippi, adamukhazika pansi ndi kumuphunzitsa mmene angakadzichepetsere pamaso pa oyera a kumeneko; koma chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mwanayo adabwerako ali mtembo wovuulidwa mumtsinje wa Tallahatchie, amene adamupha namasulidwa ndi bwalo. M'nthaka yotere ndi mmene liwuli lidamera, ndipo yense wolitchula ayenera kudziwa kuti mizu yake idamwa misozi.

Koma pambali pa tulo ta maso pali tulo tina, ta mtima, ta munthu amene wazolowera goli mpaka kuliyesa mbali ya khosi lake. Ndipo za tulo timeneti atsogoleri a anthu akuda ankalalikira kuyambira kale, monga alonda a pa linga ofuula usiku. Marcus Garvey wa ku Jamaica, amene adayambitsa bungwe lake la UNIA mu 1914, ankaitana Africa yense kuti adzuke, ndipo mfuu yake idafika kuno kwathu kudzera mu nyuzipepala yake ya Negro World, imene boma la atsamunda lidaiopa kotero kuti mu 1926 lidagamula Isa Macdonald Lawrence kuti akakhale kundende zaka zitatu chifukwa choilowetsa mu Nyasaland. Martin Luther King naye, pa 31 Malichi 1968, patatsala masiku anayi kuti aphedwe, adalalikira mu tchalitchi chachikulu cha ku Washington za kukhala maso pa nthawi ya kusintha kwakukulu, nakumbutsa omvera ake nthano ya Rip Van Winkle, munthu amene adakwera phiri dziko likulamulidwa ndi mfumu ya ku England, nagona zaka 20, natsika dziko litalandira kale ufulu iye osadziwa. King adali munthu wa paguwa, ndipo ankatchula liwu la m'mabuku; koma mumsewu, m'malo ometera tsitsi ndi m'nyumba zoimbira, anthu wamba adatenga ganizo lomwelo ndi kulisenzetsa liwu lawo lija, kotero kuti “woke” adasanduka munthu amene wazindikira mmene dziko lamuikira, amene sanamizidwanso.

Pali munthu mmodzi amene adaoneratu patali zimene zidzagwere liwuli, ngakhale iye ankanena za mawu onse a mtundu wake. William Melvin Kelley, mlembi wachinyamata wa ku New York, ali ndi zaka 24, adalemba nkhani mu nyuzipepala ya New York Times mu Meyi 1962, yokhala ndi mutu wakuti “If You're Woke You Dig It”. M'menemo adaonetsa kuti mawu ambiri amene achinyamata oyera a nthawi imeneyo ankanyadira kuti ndi awo, adali obwereka kwa anthu akuda, makamaka oimba jazi, ndi kuti liwu likangofika pakamwa pa alendo, eni ake amalisiya ndi kusula lina. Ndi mmenedi adayendera mawu monga “cool” ndi “hip”, amene lero akutchulidwa ndi ana a mitundu yonse osadziwa kumene adachokera. N'kosavuta kumvetsa chifukwa chake: anthu okhala pansi pa diso la wowalamulira amafuna chinenero cha m'nyumba, chimene angachenjezane nacho mwini munda ali pomwepo osatolapo kanthu, ndipo chinsinsi chikadziwika ndi mudzi wonse chatha ntchito. Komabe liwu lathuli lidachedwa kutuluka m'nyumba. Lidakhala zaka zina makumi anayi ndi mphambu likuyenda mwakachetechete pakati pa eni ake, likumveka apa ndi apo m'masewero ndi m'macheza, dziko lonse osalilabadira.

Mu 2008 woimba Erykah Badu adatulutsa nyimbo yotchedwa “Master Teacher”, imene adaikonza pamodzi ndi Georgia Anne Muldrow, ndipo mwa nyimbo imeneyi mbadwo watsopano udalandira liwu la agogo awo. Posakhalitsa zidachitika zinthu zimene zidalipatsa ntchito yake yakale ija. Mu Febuluwale 2012 mnyamata wa zaka 17, Trayvon Martin, adawomberedwa ku Sanford mu Florida akuchokera kusitolo, wopanda chida m'manja; ndipo amene adamuwombera atamasulidwa mu Julayi 2013, amayi atatu, Alicia Garza, Patrisse Cullors ndi Opal Tometi, adayambitsa mfuu ya Black Lives Matter, kunena kuti moyo wa munthu wakuda nawo ndi moyo. Pa 9 Ogasiti 2014 wapolisi adapha Michael Brown, wa zaka 18, ku Ferguson mu Missouri, mtembo nukhala pamsewu maola anayi anthu akuona. Ndipo achinyamata amene adadzaza misewu masiku otsatirawo, utsi wokhetsa misozi uli tolotolo, ankalemberana pa Twitter kuti “stay woke”. Pamenepo liwuli lidali likadali pafupi ndi kwawo, pakuti olitchulawo adali ana a anthu omwe aja amene Lead Belly ankawalangiza, ndipo choopsa chimene ankachenjezana chidali chipolopolo chenicheni. Lidawolokanso nyanja kufika ku South Africa, kumene ophunzira a pa yunivesite ya Cape Town, amene adachititsa kuti chifanizo cha Cecil Rhodes chichotsedwe mu Epulo 2015, adalilandira ngati lawo, popeza bala limene lidabala liwuli iwonso adali nalo.

Tsono intaneti ndi bwalo lopanda mpanda, ndipo chimene kale chinkatenga mbadwo wathunthu kuti chituluke m'nyumba, apa chidatuluka m'miyezi yowerengeka. Achinyamata akuda eni ake, monga umo achitira achinyamata kulikonse, ankaseweranso nalo liwuli, kuchenjezana za bwenzi losakhulupirika kapena za wamalonda wokuba pa sikelo; nyimbo ya Childish Gambino yotchedwa “Redbone”, ya mu 2016, imanena za kukayikirana kwa anthu okondana, ndipo Jordan Peele adaiika kumayambiriro kwa filimu yake ya Get Out mu 2017, kubwezera chenjezolo ku mantha ake akale. Masewera otere saononga liwu, pakuti mwini nkhwangwa amadziwa pamene angaseme nayo chipande ndi pamene angagwetse nayo mtengo. Kusintha kwenikweni kudadza pamene achinyamata oyera a m'makoleji, ambiri a iwo a mtima wabwino ndithu, adalitola ndi kulivala. Kwa iwo kukhala maso sikudali kupulumutsa khosi lawo, popeza khosi lawo silidali pangozi. Kudali kuonetsa kuti ali kumbali ya chilungamo. Chotero liwu limene lidali langizo lopatsa mnzako lidasanduka dzina lodzitcha wekha, ndipo kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu monga kusiyana kwa mlonda ndi munthu wovala malaya a mlonda. Tanthauzo nalo lidatambasuka, kukwirira nkhani za amayi, za chilengedwe, za anthu obwera, za maukwati, za chakudya, mpaka lidakhala ngati chitenje chimodzi chofunda mudzi wonse.

Kumene kwasonkhana anthu, amalonda sachedwa kuyala katundu. Mu 2016 mkulu wa kampani ya Twitter, Jack Dorsey, adaonekera pa msonkhano atavala malaya olembedwa mawu aja pachifuwa. Mu Epulo 2017 kampani ya Pepsi idatulutsa kanema wotsatsa malonda, woonetsa mtsikana wotchuka Kendall Jenner akuthetsa mkangano wa apolisi ndi ochita zionetsero pongopatsa wapolisi chakumwa. Anthu adakwiya kotero kuti kanemayo adachotsedwa patangopita tsiku limodzi, koma adali ataonetsa kale poyera kuti kulira kwa amayi a ku Ferguson kwasanduka chokometsera malonda. Mu Juni chaka chomwecho dikishonale yaikulu ya Oxford idalemba tanthauzo latsopanoli m'kaundula wake, ndipo Kelley, amene adalemba za liwuli zaka 55 m'mbuyomo, adali atamwalira mu Febuluwale, miyezi inayi yokha izi zisanachitike.

Pano ndiyenera kuchita chilungamo kwa mdzukulu wanga wamwamuna uja, pakuti zimene ankanena sizidali zopanda maziko. Padaukadi khalidwe lina pakati pa ena odzitcha ogalamuka, losakasaka mawu olakwika pakamwa pa anzawo, lofukula zimene munthu adalemba ali mwana, lomuyalutsa pagulu ndi kumutsekera khomo la kulapa. Ndipo anthu wamba ambiri, amene sadapite kukoleji ndipo sadziwa mawu ovomerezeka a chaka chino, adadzimva kuti akunyozedwa ndi ana a anthu olemera. Ngakhale Barack Obama, polankhula ndi achinyamata ku Chicago mu Okutobala 2019, adawadzudzula kuti aleke kudziyesa oyera mtima kotheratu, pakuti anthu ochita zabwino nawonso ali ndi zilema zawo, ndi kuti kuponya miyala pa intaneti sikusintha dziko. Kuona kachitsotso m'diso la mbale ndi matenda akale, ndipo sasankha chipani. Anthu akuda ambiri adali atayamba kale kulitchula liwuli monyodola, kuseka alendo olivala mopyola muyeso, ndipo ena adangolisiya, monga momwe Kelley adaneneratu. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Koma kudzudzula khalidwe loipa ndi chinthu china, ndipo kusandutsa liwu la anthu olira kukhala chitonzo ndi chinanso. George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 Meyi 2020, ndipo zionetsero zitafalikira m'maiko ambiri, andale a mbali inayo adapeza kuti liwuli, pokhala lalifupi, lachilendo m'makutu a oyera achikulire, ndiponso lotayidwa kale ndi eni ake, ndi chibonga chogwirika bwino m'manja. Mu Epulo 2022 bwanamkubwa wa Florida, Ron DeSantis, adasaina lamulo lotchedwa Stop WOKE Act, loika malire pa kaphunzitsidwe ka nkhani za mtundu ndi tsankho m'sukulu ndi m'malo a ntchito, ngakhale makhoti adaimitsa zigawo zina za lamulolo. Ndipo atapambana chisankho mu Novembala adalengeza kuti Florida ndiwo manda a “woke”, m'chigawo chomwecho mmene Trayvon Martin adafera. Ku Britain nduna Suella Braverman idalitchula monyoza m'nyumba ya malamulo mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo ku France adalisula kukhala “wokisme”, dzina la chiphunzitso choopsa chochokera kunja. Lero liwuli limaponyedwa pa filimu, pa mowa, pa timu ya mpira, pa buku la ana, pa chilichonse chimene woyankhulayo sachikonda, ndipo ambiri olitchula sangathe kulimasulira. Mmodzi amene adakakamizidwa kulimasulira adali loya wamkulu wa DeSantis, Ryan Newman, amene atafunsidwa m'khoti kumapeto kwa 2022, atalumbira kunena zoona, adayankha kuti ndi chikhulupiriro chakuti m'dziko la America muli kupanda chilungamo kozikika m'kayendetsedwe ka zinthu, ndi kuti kuyenera kukonzedwa. Anyamata a ku Scottsboro akadamva tanthauzo limeneli sakadalitsutsa.

Ifenso tili nalo liwu la kudzuka limene lidayenda ulendo wautali. Pamene Dr. Banda adatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndi pa misonkhano ya zaka zotsatira, mfuu yakuti “Kwacha!” inkanyamula anthu tsitsi, pakuti inkanena kuti usiku wa chitaganya watha, ogona adzuke. A ku Zambia adaliika pa ndalama yawo mu 1968, ife mu 1971, pamodzi ndi tambala wolengeza m'bandakucha. Lero mwana akamva liwu limeneli amangoganiza za mtengo wa sopo ndi shuga, ndipo za m'bandakucha saziganizira n'komwe. Sindimuimba mlandu mwanayo, pakuti mawu ali ngati khasu, limene limaperepeseka chifukwa cholima. Ndipo palibe mfumu kapena mphunzitsi amene adaletsapo achinyamata kupotoza mawu, chifukwa umo ndi mmene chinenero chimapumira. Komabe kwacha wathu adangosukuluka, sadasanduke mwano. Chimene chimandiwawa pa “woke” n'chakuti anthu amene adalisula pa moto wa masautso awo alandidwa kawiri: poyamba ndi abwenzi amene adalivala ngati mkanda, kenaka ndi adani amene adalisandutsa chikoti chowakwapula nacho eni ake omwewo, ndipo pa maulendo onse awiriwa palibe amene adawapempha. Mayi wakuda wa ku America akadali ndi chifukwa cholangizira mwana wake wamwamuna mmene angaikire manja poyera wapolisi akamuimitsa pamsewu, koma liwu limene agogo ake adamusiyira la ntchito imeneyi sangalitchulenso osasekedwa.

Madzulo aja nsima idazizira patebulo, chifukwa mtsikana adafufuza pa foni yake mpaka adaipeza nyimbo ya Lead Belly, ndipo tidaimvera atatu, mitu itagundana, mawu a munthu wa kalekale akutuluka m'kachipangizo kokwana m'dzanja, pakati pa kuthetheka kwa mbale yakale. Mnyamata adaibwereza kawiri pamene woimbayo amayankhula, ndipo atakhala chete kanthawi adafunsa kuti, “Nanga agogo, anyamatawo adatha bwanji?” Ndidamuuza zimene ndidawerenga. Anayi adamasulidwa mu 1937, atataya zaka zisanu ndi chimodzi za ubwana wawo. Ozie Powell adawomberedwa m'mutu ndi wapolisi mu 1936 ali paulendo wobwerera kundende, ndipo ngakhale adachira, sadakhalenso monga kale. Haywood Patterson adathawa m'ndende mu 1948 nakafika ku Michigan, kumene adamwalira mu 1952 ali m'ndende pa mlandu wina. Andy Wright ndiye adatsiriza kutuluka, mu 1950. Clarence Norris adakhala mobisala kumpoto kwa America zaka makumi atatu, kufikira bwanamkubwa George Wallace adamukhululukira mu 1976, ndipo adamwalira mu 1989, wotsiriza wa onse asanu ndi anayi. Pa 21 Novembala 2013, patapita zaka 82 chiimitsireni sitima ija pa Paint Rock, boma la Alabama lidapereka chikhululuko kwa atatu amene maina awo adali asadayeretsedwe, Patterson, Charlie Weems ndi Andy Wright, onse ali m'manda.